MUTU 6: HIPOKAMPASI NDI KUKUMBUKIRA, KUCOKERA PAUKHANDA KUFIKIRA PAUKALAMBA

Zolinga za mutu uno

Mukatha kuwerenga mutu uno muyenera kukhala okhoza: (a) kufotokoza nchito ya hipokampasi m'mau osavuta, (b) kusonyeza mmene nchitoyo imasinthira munthu akamakula, (c) kukonza phunziro la Cinyanja limene ana adzalikumbukira mlungu utatha.

1. Mau oyamba

Posacedwa mudzatumizidwa kukayeserera kuphunzitsa m'masukulu a ku Maramba, Dambwa, Libuyu kapena Linda. Kumeneko mudzakumana ndi cinthu cimene cimafooketsa aphunzitsi ambiri atsopano. Mudzaphunzitsa mau asanu Lolemba, ana onse adzawachula bwino lomwe, ndipo mudzapita kunyumba mtima uli m'malo. Lacitatu mukadzafunsanso, manja atatu okha ndiwo adzakwezedwa. Apa ena amayamba kunena kuti ana a masiku ano ndi aulesi, kapena kuti mwana wakutiwakuti ndi wouma mutu. Dzina lotere likamamatira pa mwana wa Giredi 2 silicoka msanga, ndipo ena amasiya nalo sukulu asanadziwe kuwerenga.

Mfundo ya mutu uno ndi imodzi. Phunziro silithera tsiku limene laphunzitsidwa. Ubongo umalimanga pang'onopang'ono, ndipo ciwalo cimene cimayamba nchito yomangayo cimakhala cisanakhwime mwa ana amene inu mudzawaphunzitsa. Mphunzitsi wodziwa zimenezi amakonza nchito yake mosiyana ndi amene sazidziwa.

2. Aneni atatu

Tiyambire pa cinenero cathu. M'Cinyanja timati "kusunga mumtima" ndi "kuloweza pamtima", ngakhale kuti nchitoyi imacitika mu ubongo. Komabe cinenero cathu cimasiyanitsa bwino zinthu zitatu zimene akatswiri a ubongo nawonso amazisiyanitsa. Taonani ziganizo izi:

Ndikumbukira tsiku limene tinapita ku Mosi-oa-Tunya.
Ndidziwa kuti ulalo wa pa Mosi-oa-Tunya unamangidwa mu 1905.
Nditha kupalasa njinga.

Ciganizo coyamba cikunena za cocitika cimene cili ndi malo ake, nthawi yake ndi anthu ake. Caciwiri cikunena za cidziwitso cimene munthu ali naco ngakhale anaiwala kale amene anamuuza. Cacitatu cikunena za luso limene lakhazikika m'thupi. Hipokampasi ndiye mwini wa nchito yoyamba, amathandiza kwambiri pa yaciwiri, koma yacitatu imayendetsedwa ndi mbali zina za ubongo. Sungani aneni atatuwa, "kumbukira", "dziwa" ndi "tha", pakuti tidzawagwiritsa nchito m'mutu wonse uno.

3. Kodi hipokampasi n'ciani?

Hipokampasi ndi kaciwalo kopindika kamene kali m'kati mwa ubongo, ca kulunjika ku khutu, ndipo kutalika kwake n'kofanana ndi cala caching'ono ca munthu wamkulu. Munthu aliyense ali nato tiwiri, kumanzere ndi kumanja. Dzinali linaperekedwa mu 1587 ndi Julius Caesar Arantius, katswiri wa za thupi la munthu wa ku Bologna. Ndi liu la Cigiriki, dzina la kansomba ka m'nyanja zamcere kamene mutu wake umafanana ndi wa kavalo.

Nchito yake inadziwika cifukwa ca tsoka la munthu mmodzi. Henry Molaison wa ku America anali kudwala khunyu kwambiri. Mu 1953, ali ndi zaka 27, dokotala William Scoville anamcita opaleshoni mumzinda wa Hartford, nacotsa gawo lalikulu la hipokampasi mbali zonse ziwiri pamodzi ndi minofu yoyandikana nayo. Khunyu linacepa, koma kuyambira pamenepo Molaison sanathenso kusunga zocitika zatsopano. Anali kulankhula bwino, nzeru zake zinalipo, zambiri za paubwana wake anali kuzidziwa, koma mlendo akatuluka m'cipinda n'kubweranso patapita kanthawi, anali kumlonjera ngati munthu amene sanamuonepo. Anakhala motero kufikira imfa yake mu 2008.

Brenda Milner wa ku Montreal, amene anamuyesa kwa zaka zambiri, anampatsa nchito yolondola mizere ya cithunzi ca nyenyezi ndi pensulo, akuyang'ana dzanja lake m'kalirole. Nchito imeneyi imavuta aliyense poyamba. Kwa masiku atatu dzanja la Molaison linanka licita bwino, koma iye mwini sanali kukumbukira kuti anagwirapo nchitoyo. Anali "kutha" popanda "kukumbukira". Apa mpamene akatswiri anatsimikiza kuti kukumbukira kuli mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi njira yake mu ubongo.

4. Luzi lomangira mtolo

Ganizirani mwana amene wapita ku Mosi-oa-Tunya ndi kalasi lake. Maso aona utawaleza, makutu amva mkokomo wa madzi, khungu lamva kunyowa, ndipo mtima wadumpha pamene nyani analanda mnzake cakudya. Ciliconse mwa izi cimalandiridwa ndi mbali yakeyake ya ubongo. Hipokampasi amacita ngati luzi limene limamanga nkhuni zomwazika kukhala mtolo umodzi: ciani, kuti, liti, ndi yani. Ndico cifukwa cake mukakoka nkhuni imodzi zina zimatsatira. Mukangochula nyani, mwanayo adzakuuzani za utawaleza ndi za malaya ake onyowa.

Pa zinthu zonse zimene luzili limamanga, malo ndiwo ali patsogolo. Mu 1971 John O'Keefe wa ku London anapeza kuti mu hipokampasi wa khoswe muli maselo amene amagwira nchito pokhapokha khosweyo ali pamalo akutiakuti. Mu 2014 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi May-Britt Moser ndi Edvard Moser cifukwa ca nchito imeneyi. Kwa ife tanthauzo lake n'lakuti liu limene mwana analimva pamalo odziwika, akucita kanthu, lili ndi zogwirira zambiri kuposa liu limene anangolikopera pa bolodi.

Mtolo ukamangidwa sukhala mu hipokampasi mokha mpaka kalekale. Pamene cinthu cikumbukiridwa mobwerezabwereza, mbali yakunja ya ubongo imacilandira pang'onopang'ono, ndipo cimene cinayamba monga "ndikumbukira" cimasanduka "ndidziwa". Ofufuza a ku Edinburgh anasonyeza mu 2007, poyesa makoswe, kuti cinthu catsopano cimakhazikika msanga ngati capeza cidziwitso cakale coti cilumikizikeko. Ici ndi cifukwa cimodzi cimene kuyamba kuwerenga m'cinenero cimene mwana amalankhula kale kumampepukira.

5. Paukhanda ndi paubwana

Dzifunseni kuti cinthu coyamba cimene mukumbukira m'moyo wanu cinacitika muli ndi zaka zingati. Anthu ambiri amayankha kuti zitatu kapena zinai. Komatu pa msinkhu umenewo munali mutaphunzira kale kuyenda, kudya nokha ndi kulankhula cinenero ca amai anu. Khanda limaphunzira zoculuka, koma luzi lake likali lanthete, motero mitolo ya zaka zoyambazo sikhalitsa.

Luso lomanga pamodzi "ciani, kuti ndi liti" limakula mofulumira pakati pa zaka 4 ndi 8, ndipo limapitiriza kukhwima kufikira paunyamata. Ana a zaka 6 kapena 7 amene mudzawalandira m'Giredi 1 ali pakati pa ulendo umenewu. Pali zotsatira ziwiri zimene mudzaziona m'kalasi. Coyamba, mwana angakumbukire liu koma n'kuiwala kumene analimva, kapena kusokoneza za dzulo ndi za dzana. Sikuti akunama. Caciwiri, zinthu zofanana kwambiri zimam'sakanikira, cifukwa nchito yolekanitsa zikumbukiro zofanana ndi imodzi mwa nchito za hipokampasi zimene zimakhwima mocedwa. Cotero musaphunzitse "b" ndi "d" tsiku limodzi, ndi coko ca mtundu umodzi, pa mbali imodzi ya bolodi. Lolani cimodzi cikhazikike, cinzake cibwere ndi cithunzi cake, nyimbo yake ndi ngodya yake ya cipupa.

Pali umboni wina wopatsa ciyembekezo. Mu 1997 Faraneh Vargha-Khadem ndi anzake a ku London anafotokoza za acinyamata atatu amene hipokampasi wao anaonongeka akali aang'ono. Sanali kutha kusimba zimene zinacitika tsiku lomwelo, ndipo anali kusocera ngakhale m'malo ozolowereka. Komabe anaphunzira m'masukulu wamba, nadziwa kuwerenga ndi kulemba. Cidziwitso cimatha kumangika mwa kubwereza ngakhale pamene kukumbukira zocitika kuli kofooka. Mwana amene anavutika kupuma pobadwa, kapena amene anadwalapo malungo ogwira ubongo, kapena wa khunyu, angakhale woiwalaiwala kuposa anzake. Musamtaye. Mpatseni zocepa panthawi imodzi, zibwerezeni kawirikawiri, ndipo kambiranani ndi makolo ake kuti aonedwe ku cipatala.

6. Tulo, nthawi ndi kufunsa

Makolo athu anati mau a akulu akoma akagonera. Iwo anali kunena za malangizo amene phindu lake limaoneka pambuyo pake, koma mwambiwu ukugwirizananso ndi zimene zimacitika mu ubongo usiku. Mu 1994 Matthew Wilson ndi Bruce McNaughton anaona kuti maselo a mu hipokampasi amene anagwira nchito pamodzi khoswe akuyenda masana anagwiranso nchito pamodzi khosweyo ali m'tulo. Ubongo umabwereza phunziro munthu ali gone. Mu 2013 ofufuza a ku Massachusetts anapeza kuti ana a sukulu ya mkaka amene anagona pang'ono masana anakumbukira bwino malo a zithunzi zimene anaonetsedwa m'mawa kuposa pamene sanagone. Motero musaweruze phunziro lanu lisanagonere, ndipo mwana amene amasinza m'kalasi mfunseni za nthawi imene amagona musanamdzudzule.

Za nthawi zinadziwika kale. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anasonyeza kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola oyamba, kenaka kumayenda pang'onopang'ono, ndiponso kuti kubwereza kogawidwa pa masiku angapo kumapindula kuposa kubwereza kocuruka tsiku limodzi. Kuchula liu kakhumi Lolemba sikulingana ndi kulichula kawiri tsiku lililonse kwa masiku asanu.

Cacitatu ndi kufunsa. Mu 2006 Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku St Louis anapatsa ophunzira nkhani yoti awerenge. Ena anaiwerenganso, ena anatseka pepala n'kuyesa kulemba zimene anali kukumbukira. Patapita mphindi zisanu, owerenganso aja anapambana. Patapita mlungu umodzi, amene anadzivutitsa kukumbukira ndiwo anapambana. Onani kusiyana kwa aneni awa: "kuuzanso" ndi "kukumbutsa". Mneni waciwiriyu ali ndi msintho wocititsa. Wokumbutsa amacititsa mnzake kukumbukira, nchito yeniyeni n'kukhala ya mnzakeyo. Mwana akakakamira pa liu, musathamangire kumuuza. Mpatseni phatikizo loyamba, muonetseni cithunzi, kapena mfunseni kumene anaima pamene analiphunzira, ndipo dikirani.

7. Mantha

Munthu akacita mantha thupi limatulutsa timadzi tina tamphamvu, ndipo hipokampasi ndi cimodzi mwa ziwalo zimene zimakhudzidwa nato kwambiri. Kusangalala ndi kudabwa pang'ono kumathandiza cinthu kukhazikika, koma mantha aakulu amatsekereza kukumbukira panthawi yomwe mwana akufunsidwa. Mwana woimiritsidwa kutsogolo, anzake akumseka, angaiwale liu limene alidziwa bwino. Cimene adzasunga ndi manyazi a tsikulo, nkhope yanu ndi malo amene anaima, pakuti luzi limamanga cimene cinali cacikulu mumtima mwake.

8. Paucikulire

Hipokampasi saleka kusintha munthu akakula. Mu 2000 Eleanor Maguire anayeza ubongo wa oyendetsa matakisi a ku London, amene amaphunzira misewu zikwizikwi kwa zaka zingapo asanapatsidwe cilolezo. Anapeza kuti mbali yakumbuyo ya hipokampasi wao inali yokulirapo kuposa ya anthu ena. Mu 2011 iye ndi Katherine Woollett anatsatira ophunzira nchitoyi kuyambira paciyambi, napeza kuti kukulako kunaoneka mwa okhawo amene anatsiriza maphunzirowo n'kupambana.

Izi zikukhudza inu eni. Kucezera usiku wonse ndi mabuku mayeso ali mawa ndiko kumana ubongo tulo timene ukufuna kuti usunge zimene mwawerengazo. Mowa wambiri nawo umaimitsa nchito ya hipokampasi kwa kanthawi. Ndico cifukwa cake woledzera amalankhula ndi kuyenda, koma m'mawa sakumbukira mmene anafikira kunyumba.

9. Paukalamba

Mwa anthu okalamba hipokampasi amacepa ndi gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 caka ciliconse. Zatsopano zimavuta kumanga, koma mitolo yakale, imene inakhazikika kalekale, imakhalabe. Okalamba amakumbukira koposa zimene zinacitika ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 30. Gogo amene anali ndi zaka 15 pa 24 Okutobala 1964 tsopano apitirira zaka 75. Angaiwale pamene aika ndodo yao, koma angakusimbireni kumene anaima pa tsiku la ufulu ndi cimene anavala. Nthano, zilapi ndi miyambi zimene anaphunzira pamoto zikali zathunthu. Itanani agogo otere m'kalasi lanu. Ana adzapeza cocitika cosaiwalika, ndipo cinenero cidzamveka m'kamwa mwa eni ake.

Kucepaku kungacedwetsedwe. Mu 2011 Kirk Erickson ndi anzake ku America anagawa okalamba 120 m'magulu awiri. Gulu limene linali kuyenda ndawala masiku atatu pa mlungu kwa caka cathunthu linapezeka kuti hipokampasi wao wakula ndi magawo awiri pa 100, pamene wa gulu linalo anacepa.

Kuiwala kwa ukalamba kusiyanitsidwe ndi matenda. Nthenda imene Alois Alzheimer anaifotokoza mu 1906 imayambira m'dera la hipokampasi. Wodwala amafunsa funso limodzi kambirimbiri, amasocera panjira imene wayendapo moyo wake wonse, ndipo nthawi zina amapezeka m'mamawa pakhomo la eni ake osadziwa mmene wafikira. M'midzi ndi m'makomboni mwathu okalamba otere kawirikawiri amanenedwa kuti ndi mfiti, ndipo ena amamenyedwa. Mphunzitsi ndi munthu amene anthu amamvera mau ake. Mukamva zotere fotokozani modekha kuti ciwalo cosunga malo ndi nthawi ndico cadwala, ndipo munthuyo afunika cipatala ndi abale omuyang'anira.

10. Citsanzo ca nchito ya mlungu umodzi: Giredi 2, phatikizo la "nkh"

Ana ambiri a mu Livingstone amalankhula Citonga kapena Cilozi kunyumba. Mwana wa Citonga amati "nkuku" ndi "nkuni", motero polemba Cinyanja amasiya "h". Musacitenge ngati colakwa cabe. Cidziwitso cake cakale ndico cogwirira canu.

Lolemba: Bwerani ndi kamtolo ka nkhuni ndi nthenga ya nkhuku. Sandutsani ngodya imodzi ya kalasi kukhala msika wa Maramba. Ana agule ndi kugulitsa, akuchula "nkhuni", "nkhuku", "nkhanga". Aliyense aike cikhatho patsogolo pa kamwa kuti amve mpweya wa "kh" poyerekeza "kola" ndi "khola". Lembani mau atatuwo ndi kuwapacika pa ngodya yomweyo.

Laciwiri: Phimbani mauwo. Funsani kuti, "Dzulo tinagula ciani pamsika wathu?" Ana ayese kulemba asanaone. Kenaka vundukulani kuti adzikonze okha, popanda cilango. Onjezani "nkhokwe".

Lacitatu: Phunzitsani zina, koma mphindi zitatu zoyamba zikhale za mau anai aja.

Lacinai: Simbani nthano yaifupi imene muli nkhanga ndi nkhuku. Ana aombe m'manja akamva "nkh". Auzeni akafunse agogo kapena makolo liu lina la "nkh".

Lacisanu: Aliyense abweretse liu lake ndi kunena amene anampatsa. Alembe ziganizo ziwiri.

Bwererani ku mauwa patapita milungu iwiri, ndiponso kumapeto kwa temu. Onani kuti nthawi yonse imene mwagwiritsa nchito siposa ya phunziro limodzi lalitali. Mwangoigawa pa masiku kuti igonere. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zocita

1. Lembani ziganizo zitatu zanu zogwiritsa nchito "kumbukira", "dziwa" ndi "tha", ndipo fotokozani ciganizo cimene Henry Molaison sakanatha kucinena za zinthu za pambuyo pa 1953.

2. Funsani mwana wa Giredi 1 ndi wa Giredi 6 kuti akusimbireni zimene anacita dzana. Yerekezani mmene aliyense wachulira malo, nthawi ndi anthu.

3. Cezani ndi munthu wa zaka zoposa 70, mwaulemu ndi mwa cilolezo cake. Lembani nthano imodzi ndi zilapi zitatu, ndipo mfunseni msinkhu umene anaziphunzira.

4. Konzani ndondomeko ya masiku asanu yophunzitsira phatikizo la "mph", kusonyeza malo, cocitika, ndi funso limene mudzayambira nalo tsiku lililonse.

5. M'magulu, kambiranani zimene mungauze kholo limene lakuuzani kuti mwana wake "alibe mutu wa sukulu".